Mabotolo Atatu a Difu Yakumbuyo

9 Febuluwale

Amake mapasa,

Moni nonse pakhomopo. Ndikhulupirira mukudzuka bwino, inu ndi atsikana athu awiriwo, komanso apongozi ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndilipo, kungoti thupi ndi lotopa monga mwa masiku onse.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangolimbana ndi netiweki, ndipo zamagalimoto zimafuna pepala loti munthu abwereze kuwerenga. Dzulo munandiyeserera kulira kwa pikapu, kuti ikathamanga imati wuuu kumbuyo, alamu akachotsa phazi n'kusiya. Ndinaseka mpaka mnzanga wogona naye chipinda anafunsa ngati kwathu ndinasiya ng'ombe yodwala. Koma nditadula foni kuseka kunatha. Kulira kumeneko ndimakudziwa, ndi difu.

Difu ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo mukasuzumira kunsi. M'kati mwake muli magiya ogawira matayala mphamvu, ndipo amasambira mu oyilo. Pikapu yathu ili nazo ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Mwini wake woyamba anandilumbirira kuti oyilo anasintha, koma munthu wogulitsa galimoto amalumbira chilichonse.

Tsono mutu wandiima pa kusankha oyiloyo. Pali wamba, wotchipa, wofuna kusinthidwa pafupipafupi. Pali wina amati wa sinthetiki, amene sapsa msanga ngakhale galimoto itasenza njerwa dzuwa lili paliwombo. Mtengo wake ndiye umaluma. Mdala wa matayala amene timagwira naye pagalaja pano akuti ndikufuna kuveka bulu suti. Iyeyo alibe ngakhale njinga, n'chifukwa chake nzeru za magalimoto a eni ali nazo zambiri.

Mukudziwa zimene tinapangana. Pikapu imeneyo ndi zaka zinayi za msana wanga. Ikayenda bwino chaka chino chonse n'kumadyetsa pakhomo, mu Disembala ndikubwera ndipo kuno sindidzapondakonso. Ikafa ndiye kuti ndakhaliranso, ndipo kunena zoona mphamvu zokhalira zikundithera. Choncho muwauze alamu achepetse katundu mpaka nditanena. Achimwene anuwo ndimawadziwa, akaona malo otsala kumbuyo mtima umawawawa.

Mukhululuke zolemba zokhotakhotazi, cholembera chake n'chovuta.

Ndine,
Bambo a mapasa


2 Malichi

Amake mapasa,

Moni wa mwezi watsopano. Ndamva kuti wamng'onoyo chifuwa chamusiya, ndathokoza. Ine ndili bwino pang'ono.

Oyilo ndagula. Loweruka titaweruka ndinapita kusitolo ya zipangizo zamagalimoto, ili kuseri kwa msewu wa galaja yathu, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafoni akale. Ndinaima pashelefu ija nthawi yaitali, kunyamula botolo ili, kulibweza, kunyamula linalo. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana mpaka anatopa.

"Bambo, mukugula kapena mukupemphera?"

"Zonse ziwiri, mayi," ndinatero.

Ndatenga wa sinthetiki. Ndaganiza kuti ine kulibe kumeneko, ndipo palibe amene adzakumbukire kusintha wamba uja nthawi yake ikakwana. Pabotolo palembedwa 75W-90 ndi GL-5, monga likunenera buku la galimotoyo. Mabotolo ndi asanu. Atatu ndawamanga kansalu kofiira pakhosi, amenewo ndi a kumbuyo, ndipo ali ndi zilembo zina ziwiri, LS. Difu yathu yakumbuyo ndi ya mtundu uja wogwirizanitsa matayala pamatope, ndiye imafuna oyilo wakewake. Awiri opanda kansalu ndi a kutsogolo. Asasokoneze.

Mabotolo asanu amenewa adya malipiro anga a sabata yathunthu ndi tsiku limodzi. Ndikunena kuti mudziwe, wina asawaseweretse.

Alamu achite motere. Galimoto iyende kaye pang'ono kuti oyilo wakale afunde, kenako aiimike pamalo osapendekeka. Padifu pali mabawuti awiri aakulu, lapamwamba lothirira ndi lapansi lokhetsera. Ayambe kumasula lapamwamba. Anthu ambiri amathamangira lapansi, oyilo n'kutha, kenako n'kupeza kuti lapamwamba lauma gwa, galimoto n'kukhala pamenepo mwezi. Bawuti lapansilo lili ndi maginito, alipukute. Akathira, apitirize mpaka oyilo ayambe kubwerera pabowo. Akapisa chala chaching'ono chinyowe. Zikatero wakwana.

Katunduyu ali ndi dalaivala wa basi uja wa chipewa chachikopa, afika Lachinayi. Ndaikamonso nsapato za atsikana.

Kuntchito zilipo. Bwana wandichotsa kaye m'dzenje momwe timakonzera magalimoto kunsi. Sipanala inandipulumuka n'kuphwanya nyale ya kasitomala, nkhani yaing'ono, koma mukudziwa mabwana. Musadandaule nazo.

Ndine,
Bambo a mapasa


6 Epulo

Amake mapasa,

Ndakupatsani moni, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo. Apongozi muwauze kuti mankhwala opaka aja ndawafunsa, ndiwatumiza.

Nkhani yoti oyilo wathiridwa ndipo kulira kwachepa yandipatsa tulo. Munati wakaleyo anatuluka wakuda bii, wonunkha mpaka nkhuku zinathawa. Ndiye kuti tinachedwa kale. Alamu muwathokoze, ngakhale ndamva kuti akuuza anthu pamalo oimikira magalimoto kuti nzeru yonse inali yawo. Asiyeni, bola galimoto ikuyenda. Ntchito yonyamulira mchenga kontirakitala womanga nyumba zija ilandireni, koma asadzaze mpaka matayala kukhudza bodi.

Koma inu amake mapasa, ndili nanu chifukwa. Wamkuluyo wandiuza pafoni kuti nsapato zija sanaziponde n'kamodzi komwe, zili m'sutikesi pamwamba pa wadirobu. Mwayambanso? Paja zija za chaka chatha munazisunga mpaka mapazi anakula, n'kukavala ana a eni. Chilichonse chochokera kwa ine mumachisunga ngati dzira. Phazi la mwana silidikira tsiku labwino. Avale, zithe, ndicho ndinagulira.

Ine masiku ano ndikutsuka zitsulo. Ali ndi chibafa chachitsulo pakona ya galaja, pafupi ndi chitseko chakumbuyo, chodzaza palafini. Amakanika anzanga akamasula magiya kapena mapisitoni amandiponyera ine, ndizikwecha ndi burashi. Bwana akuti wandipatsa ntchito yopumulirako. Munthu amene ndakhala zaka khumi ndi zisanu ndikumva matenda a galimoto ndi khutu lokha, lero ndine wotsuka mbale. Zimandiwawa, sindibisa. Mdala wa matayala akamadutsa amati, "Tsukani bwino achimwene, alendo akubwera." Ndimaseka naye, nanga n'kutani.

Chipinda chathu n'chomwechija. Bedi langa lili kukhomo, la mnzanga kuwindo, sitovu pakati, ndipo tonse tikaimirira limodzi wina amayenera kupepesa. Kunja kwayamba kuzizira. Ovolosi yanga ndinapititsa kwa telala kuti achotse mabatani aike zipi, mabatani amandichedwetsa m'mawa.

Miyezi yatsala isanu ndi itatu. Ndimaiwerenga ngati mwana wasukulu.

Ndine,
Bambo a mapasa


25 Meyi

Amake mapasa,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine sindinadzuke bwino kwenikweni, koma za ine tizisiye.

Zoti kulira kwabwerera, ndipo tsopano n'kwaukali kuposa kale, zandisokoneza mutu. Oyilo watsopano wa mtundu umenewo sangatope m'miyezi iwiri. Alamu anandiuza pafoni kuti anandigulitsa wachinyengo, akuti ndi wopyapyala ngati madzi, oyilo weniweni amayenera kutsika mwaulesi ngati uchi. Ndinawayankha kuti wa sinthetiki amaoneka choncho, mphamvu yake imaonekera akatentha. Koma mawu awo anandilowa, ndipo Loweruka ndinabwerera kusitolo kuja nditakwiya.

Ndinalankhula zambiri, anthu akumva. Mayi uja anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anatsitsa botolo, n'kundionetsa chidindo cha pachivindikiro ndi makalata a kumene amaoda.

"Bambo, oyilo ameneyu ndagulitsa zaka zisanu ndi ziwiri, sanabwerepo munthu. Kodi munathira nokha?"

"Ayi, galimoto ili kwathu."

"Ndiye musakalipire ine. Kafunseni amene anagwira botolo."

Ndinatuluka manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Tsono ndikufunsani inu, poti ndinu amene munalipo. Mabotolo a kansalu kofiira ndiwo analowa kumbuyo? Pansi pamene imagona galimoto pali madontho? Kumbuyo kwa matayala, m'kati mwake, mukuoneka monyowa? Alamu akabwera ku ulendo, muike dzanja pafupi ndi difu. Kufunda n'kwabwino, koma ngati dzanja silingayandikire ndiye kuti m'katimo mukupsa. Ndipo amasulenso bawuti lapamwamba apise chala. Ndakufunsani zimenezi kawiri pafoni, kawiri konse mwandiyankha za sukulu ya ana. Sindikumvetsa.

Ndikudziwa kuti kontirakitala akufuna mchenga wake mwezi usanathe, ndiponso kuti mukaimitsa apatsa wina. Komabe imitsani. Ntchito ina idzapezeka, difu sipezeka pamsewu.

Lachiwiri ndinajomba, ndinapita kuchipatala. Mzere wake unali wautali, ndinatha tsiku lonse pabenchi. Anandiuza zinazake zoti ndidzabwerenso. Tidzakamba.

Ndine,
Bambo a mapasa


14 Juni

Amake mapasa,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo wa kalata. Za umoyo ndamva kuti muli bwino.

Alamu andiuza zonse. Andiuza kuti galimoto simunaimitse. Andiuza kuti inafera pamtunda mchenga uli wodzaza, kumbuyo kukutuluka utsi, ndipo inabwera pakhomo chokokedwa ndi thirakitala. Nditayamba kuwakalipira anandidula.

"Alamu, ine ndatopa kusenza mlandu wa eni. Funsani achemwali anga kuti mabotolo awiri ofiira ali kuti."

Ndiye ali m'sutikesi, pamodzi ndi nsapato.

Botolo limodzi, amake mapasa. Difu yofuna atatu munaipatsa limodzi, n'kunena kuti wakwana, enawo tisunge. Alamu akuti anakuuzani za chala, inu n'kuwayankha kuti galimoto si yawo. Magiya aja akhala akudyana okhaokha miyezi itatu, ine kuno ndikukalipira mayi wosalakwa pamaso pa anthu.

Ndinalemba zonse papepala. Ndinamanga ndi nsalu yomwe. Ndikanachitanso chiyani, ndilowe m'botolomo ndibwere ndekha?

Za Disembala muiwale. Sindikudziwa kuti atsikanawo muwauza bwanji, koma muwauze ndinu. Ine ndatopa kwambiri, ndipo ndikapitiriza ndilemba zimene ndidzanong'oneza nazo bondo.

Bambo a mapasa


19 Julayi

Amake mapasa,

Moni, mkazi wanga. Ndikhulupirira kuzizira kukukupatsani mpata. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndinalandira, yoyamba chibwerere ine kuno yolemba ndi dzanja lanu. Ndaiwerenga kambirimbiri. Mwati mutamva kuti mabotolo aja anadya sabata yanga yonse, munkaona alamu akuthira ngati akukhuthulira thukuta langa m'chitsulo, ndipo botolo loyamba litatha mtima unakana kupereka lachiwiri. Mwati munafuna ndidzapeze kenakake kotsala ndikadzabwera. Mwatinso kulira kutabwerera munadziwa, koma munaopa kundiuza, n'kumayembekeza kuti mchenga uthe kaye.

Ndakhala milungu itatu osayankha chifukwa ndinkafuna kupitiriza kukwiya, koma zandikanika. Mtengo uja ndinakuuziranji? Ndinkafuna mundione kuti ndine mwamuna wodziwa kugula zinthu zabwino. Zaka zonsezi mwakhala mukutambasula kochepa kuti kakwane mwezi, ndipo pakhomo paima chifukwa cha dzanja lanu loumiralo. Ine ndimadziwa bwino lomwe, ndiye n'kukupatsani chinthu chodula n'kunena kuti khuthulani chonse. Kalata yanga yaukali ija muiotche. Za kuopa kunena zinthu, inenso sindingakuweruzeni.

Tsopano tione chochita. Yatsopano sitingaikwanitse, ndikufuna yakale yabwino. Loweruka lililonse ndikumayenda kusikirapu, kumalo kuja amaphwasulirako magalimoto angozi. Ndi kutali, kupitirira mafakitale, ndipo matope ake ndi a oyilo okhaokha. Ndapezako ziwiri, koma sindingagule mwachimbulimbuli. Difu yakumbuyo iyenera kuyenda mofanana ndi yakutsogolo, apo ayi matayala azikokana mpaka china chithyoke.

Apa ndikufuna inu, osati alamu, iwo amawerenga mothamanga. Iwo angomasula chivindikiro cha difu yakufayo. Muona giya lalikulu lozungulira ngati mbale, ndi lina laling'ono loluma pambali pake. Muike chizindikiro cha choko padzino limodzi, muwerenge mano onse a lalikulu, kenako a laling'ono. Ngakhale othyoka muwawerenge. Mubwereze katatu, munditumizire manambala awiriwo.

Mabotolo awiri aja musawataye ndi mkwiyo, ndipo musawatsegule. Agwira ntchito. Ine ndidzangowonjezera limodzi.

Kugalaja masiku andichepetsera, ndikumapita atatu pa sabata. Akuti magalimoto achepa. Ine ndikuona akadali odzaza bwalo.

Ndine wanu,
Bambo a mapasa


30 Ogasiti

Amake mapasa,

Moni kwa inu, kwa atsikana, kwa apongozi ndi alamu. Za umoyo wanga zili kumapeto kwa kalatayi, muwerenge mutakhala pansi.

Manambala anu anali olondola, makumi anayi ndi limodzi kwa lalikulu, khumi kwa laling'ono. Mnyamata wanu ndinanyadira kusikirapu kuja. Mwini malowo anafunsa kuti makanika wanga wakumudzi ndi ndani, ine ndinati ndi mkazi wanga, ndipo sanakhulupirire. Difu ndaipeza, yochoka m'pikapu imene inagundidwa kutsogolo, kumbuyo kuli bwinobwino. Ndinaitsegulitsa pamaso panga. Mano ake ndi osalala, maginito ake alibe zinyenyeswa. Botolo lachitatu ndagulanso kwa mayi uja, ndipo ndinamupepesa. Anandiyankha kuti amuna onse amabwera kudzapepesa akafuna kuchotseredwa mtengo, koma anandichotserabe.

Difuyo sinditumiza ndi dalaivala wa chipewa. Ndibwera nayo ndekha, basi ya Lachinayi pa 11 Seputembala.

Musasangalale msanga. Si kubwera kumene tinapangana kuja. Ntchito inatha pa 8 mwezi uno. Bwana anandiitanira mu ofesi, anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo, ndipo ndinadziwiratu. Zimene anandipatsa potsanzikana zalowa mu difu ndi tikiti. Mabulangete, wailesi ndi makina osokera amene ndinakulonjezani palibe. Ndikubwera ndi chikwama chimodzi, bokosi la masipanala ndi chitsulo chonunkha oyilo.

Cholembera sichinali chovuta. Ndi dzanja langa lamanja. Linayamba chaka chatha ndi dzanzi m'zala m'mawa, kenako zinthu zinayamba kundipulumuka. Pano zala zitatu sizipinda, ndipo mnofu wa pansi pa chala chachikulu waphwa. Adokotala akuti mitsempha inaphwanyika ndi zaka za kukoka masipanala ndi makina onjenjemera aja, ndipo ndinachedwa kubwera. Akuti mwina opaleshoni ingathandizeko, mwina ayi. Makalata atatu omalizawa ndalemba ndi lamanzere, iliyonse masiku awiri. Ndinakukalipirani chifukwa chobisa mabotolo awiri, ine ndikubisa dzanja lathunthu. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzati bwerani, ndipo ndikanabwera tisanakonzeke.

Ndikuchita mantha, amake mapasa. Sindikudziwa kuti makanika wa dzanja limodzi amadya chiyani. Chimene ndikudziwa n'choti khutu likadali langa, ndipo pikapu ija ndiidzutsa. Ndidzakhala pambali n'kumanena, alamu adzanyamula zolemera, mabawuti mudzamanga ndinu. Mukonzeretu chovala chimene simuchifuna.

Atsikana muwauze ndisanafike, kuti asadzadabwe ndikadzawapatsa moni ndi lamanzere. Ndipo Lachinayilo musabwere nokha kudepoti. Mubwere ndi alamu, ndipo mubwereke wilibala kwa aneba. Difuyo ndi yolemera ngati thumba la simenti, ndipo ine sindingathe kuitsitsa m'basi.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a mapasa